Khadi Yofiira ya Mkamwini wa a Katsache

Amuna anga, a Solomoni Katsache, anayimbira mpira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, ndipo ine Manesi zaka zonsezo sindinapondeko kubwalo kukawaonera. Tsiku limene ndinati ndipiteko, ndinatsala pang'ono kutaya mwana wanga Loyce ndi mdzukulu wanga Tikondwe. Kuno kwa Mdzinga nkhaniyi aliyense amaikamba mmene wafunira, ena mpaka amati ndinakomoka. Sindinakomoke ine. Imvani kwa mwiniwake.

A Solomoni anabadwira kuseri kwa Chisepo m'chaka cha 1959. Bambo awo ndi amene ankaliza belu la kutchalitchi, chitsulo cha gudumu la galimoto chopachika mumtengo, ndipo ankaliza pa nthawi yake yeniyeni, kaya mvula ikugwa, kaya abusa omwe sanafike. Mwana wa munthu wotero mungayembekeze kuti akhala wotani? Anaphunzira uphunzitsi, n'kuphunzitsa Sitandade 5 m'masukulu a m'mapiri a Ntchisi ndi Dowa mpaka kupuma. Wenzulo yoyamba anawapatsa ndi ahedi kuti azifoletsera ana m'mawa. Mu 1996 anapita ku boma kukachita maphunziro a oyimbira mpira kwa sabata imodzi, n'kubwerako ndi satifiketi, kabuku ka malamulo ka Chingerezi, ndi kathamangidwe kokweza maondo kamene sanakasiye mpaka lero. Makhadi sanawapatse kumeneko. Yachikasu anadula ku chigubu cha mafuta ophikira. Yofiira anadula ku chivundikiro cha ndowa yanga yatsopano, osandipempha, ndipo ndowayo ndinatungira yosavundikira mpaka inabooka.

Mawu awo anali amodzi: "Lamulo lilibe mbale." Mng'ono wawo weniweni, Andireya, anamutulutsa m'bwalo chifukwa chomunena goloboyi wa timu ina kuti galu, ndipo Andireya anatha mvula ziwiri osaponda pakhomo pathu. Ankatukwanidwa, kugendedwa ndi zitsononkho, tsiku lina anabwera malaya atang'ambika mpaka kumsana. Ine ndinkasoka ndikulalata, iwo ali phee kumwa madzi. Kamodzi anawaitana kukayimbira ku msasa wa othawa kwawo wa Dzaleka, n'kubwerako akumwetulira ngati achokera ku ukwati.

Ndinati, "Lero sanakutukwaneni?"

Iwo amvekere, "Anditukwana kwabasi, amake Loyce, koma m'zilankhulo zisanu. Ine osamvapo n'chimodzi chomwe."

Panyumba ndi munthu wofatsa, woti nkhuku ikalowa m'nyumba amachita kuipempha kuti ituluke. Koma akangoluma wenzulo ija, asa! Si amene ndinakwatiwa nawo.

Tsopano za mkamwini. Loyce wathu anakhoza Folomu 4, ine n'kumaona kale mphunzitsi wachiwiri m'banja. Ndiye akutulukira ndi Isake, mnyamata wa ku mapiri a Ntchisi, sukulu analekera Sitandade 8, ntchito kulima fodya ndi kuthamangitsa chikopa. Mtima unandiwawa, sindibisa. Anamanga nyumba kuseri kwa khola lathu monga mkamwini aliyense, n'kuyamba kusewera kutsogolo mu timu ya m'mudzi mwathu, imene amaitcha Mavu.

Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi amathawana. Mukakumana panjira, iye amapatukira kutchire, iwe n'kuyang'ana kumbali. Simuyang'anana kumaso, simulankhulana, mawu amadzera mwa munthu wina. Koma si za mpaka kalekale ayi. M'banja mwathu, mwana woyamba akabadwa, mpongozi wamkazi amagwira nkhuku, kuitana mkamwini, kumupatsa moni anthu akuona, basi kuthawana kwathera pomwepo. Anzanga ambiri a ku Chigwirizano cha amayi kutchalitchi anazisiya kale zothawanazi, akamwini awo amawakweza ndi panjinga pomwe. Ine ayi. Tikondwe anabadwa, nkhuku sindinagwire. Chaka chimenecho ndinati chitopa chatha nkhuku. Chaka chinacho ndinati tiyambe takolola. Tikondwe anakwawa, anayenda, anayamba sukulu, ine ndikadali pa mawa. A Solomoni akandikumbutsa ndinkawayankha kuti za mwambo wa akazi azisiye, iwo adziwe za ofusayidi. Koma zoona zake, kuthawanako kunkandikomera. Sindinkafuna kumusekerera munthu amene ananditengera mphunzitsi wanga.

Zaka zisanu ndi ziwiri, abale! Isake anakumba chitsime chimene ndimamwa. Anafolera khitchini yanga kawiri, ine nditapita dala kudimba. Koma nkhope yake ndinkangoionera patali. Chimene ndinkachidziwa bwino ndi msana wake ukulowa m'chimanga.

Tikondwe yekha ndiye ndinkamuyesa wangawanga. Mwana ameneyu akaseka pamachita kadzenje patsaya lamanzere, ndipo ndinkauza aliyense kuti anatengera malemu mayi anga. Loyce akamva zimenezo ankangoseka.

Chaka chatha a Gabriel, eni chigayo cha pamsika, anaikanso chikho chawo cha pambuyo pokolola: matimu khumi ndi asanu ndi limodzi, opambana atenge chikho, mbuzi ndi yunifolomu. A Solomoni bondo linali litayamba kuvuta, ndipo analengeza kuti chikho chimenechi n'chawo chotsiriza. Isake naye zaka zinali zitakwana makumi atatu ndi zinayi. Anasewera chikhochi chaka ndi chaka chibwerereni, osafikako ku fainolo n'kamodzi komwe. Mavu atafika mu semifainolo kuti akumane ndi Nkhwazi za kwa Kabwinja, a Solomoni anapempha komiti kuti ipeze woyimbira wina, poti mkamwini wawo akusewera. A Nkhwazi eni akewo ndi amene anakana. Ati, "Tikufuna a Katsache omwewo. Amene aja angatulutse ndi mayi awo omwe."

Loyce ndiye anandinyengerera. "Amayi, abambo akusiya mpira. Mudzafa osawaonako akuthamanga?"

Ndinapita Loweruka limenelo, mochedwa dala, mpira utayamba kale, kuti anthu asandiunjirire ndi mafunso. Ndinakhala ndekha pachulu cha pakona, pafupi ndi nsungwi imene amamangapo kansanza. Isake sanadziwe kuti ndabwera. Akanadziwa bwanji? Ine ku mpira?

Zimene ndinaona sindinazimvetse. Fumbi, phokoso, anthu akuluakulu kulimbirana chinthu chimodzi, ndi amuna anga, mkulu wa mpingo wathunthu, akukweza maondo mu kabudula wakuda. Ndinachita manyazi. Chigawo choyamba Isake anamutchera mwendo mnyamata wa Nkhwazi, a Solomoni n'kutulutsa yachikasu. Isake ananjuta pansi, kuwomba m'manja, amvekere, "Zikomo, abambo!" Bwalo lonse linafa ndi phwete. Kenaka Nkhwazi zinachinya. Wochinyayo anagwada kupemphera, atati ameni anavula nsapato n'kuiika kukhutu ngati foni, anzake onse n'kumuzungulira kuvina, azimayi a kwa Kabwinja kulowa m'bwalo ndi nthungululu, wina mpaka kudutsa pakati ndi njinga. Anaimba nyimbo ziwiri zathunthu, ndinawerenga. A Solomoni anangoloza wotchi n'kuwakusa ngati mbuzi, khadi osatulutsa. Atabwerako kopuma, Mavu anabweza chigolicho.

Kutatsala mphindi zisanu ndinangomva bwalo laphulika. Ndikuti ndidzutse mutu, munthu akubwera chothamanga kulunjika pachulu changa, manja atatambasula, kukamwa kuli yasa. Nambala naini. Mayo ine, mkamwini! Ndinakokera chitenje kumutu, kutembenuka, nkhope m'maondo. Zotsatira zake ndinazimva ndi makutu okha: nsungwi kuthyoka, chinthu cholemera kugwa m'ngalande, anthu kuseka, wenzulo, kenaka zii.

Nditasuzumira, Isake anali atanjuta pamaso pa apongozi ake aamuna, fumbi thupi lonse, jezi itakwinyikira m'khosi. A Solomoni anakweza yachikasu. Kenaka anakweza chivundikiro cha ndowa yanga. Isake anadzuka n'kutuluka m'bwalo. Ulendo uno sanawombe m'manja.

Loyce ndi amene anandifotokozera, misozi ili mbwee. Isake atachinya anathamangira kukona monga amachitira masiku onse. Atandiona anakoka jezi kudziphimba kumutu, n'kuwomba nsungwi chosaona, n'kugwera m'ngalande. Ndiye m'kabuku ka abambo ake muli lamulo loti wophimba mutu ndi malaya pokondwerera chigoli apatsidwe yachikasu. Zachikasu ziwiri ndi yofiira, ndipo wa yofiira sasewera mpira wotsatira. Mavu anapambana 2-1, anafika ku fainolo koyamba chiyambire, koma wowafikitsayo anatsekeredwa kunja.

Ndinati, "Ndiye amulanga chifukwa chondilemekeza ine?"

"Kaya, amayi. Funsani amuna anu."

Isake sanafike kunyumba. Anakwera njinga ndi nsapato za mpira zomwezo, ulendo kwa mayi ake ku Ntchisi. Lolemba m'mawa kunabwera amalume ake, a Yosefe, amene ndi ankhoswe a banjalo. Anakhala pamphasa, kuvula chipewa, n'kunena mosakweza mawu.

"Mwana wathu akuti mudzi umene akaonetsa nkhope walakwa, akabisa nkhope walakwanso, iye sakudziwa kuti akhalemo ndi nkhope iti. Akupempha chitengwa. Mkazi ndi mwana amutsatire kwawo."

Loyce anangolowa m'nyumba. Koma masana ake ndinamuona akutsuka miphika yake yonse, ngakhale yoyera kale, n'kumailowetsa wina mwa unzake. Tikondwe anabwera kudzandifunsa ngati ku Ntchisi kuli sukulu.

Mavu anakadandaula ku komiti, komiti n'kunena kuti zonse zili m'manja mwa woyimbira. Alembe lipoti pofika Lachinayi, poti fainolo ndi Loweruka. Akalemba kuti Isake ankakondwerera chigoli, khadi ikhala. Akalemba kuti sankakondwerera, khadi ifafanizidwa, munthu asewera. Ine ndinaona kuti zaphweka.

"Abambo a Loyce, lembani kuti ankandipatsa ulemu. Asewere, mtima utsike, abwerere, nkhani ithe."

"Ankakupatsani ulemu?"

"Nanga ankatani?"

"Inu munamuona?"

"Ndimuone bwanji mkamwini?"

"Ndiye mukudziwa bwanji?"

Ndinapita kukasesa pamene ndinasesa kale.

Masiku atatu amenewo a Solomoni sanapite kudimba. Ankakhala pakhonde ndi magalasi pamphuno, kabuku pabondo, pepala lopanda kanthu pambali. Zaka zonsezi ndinali ndisanawaonepo akukayika pa za mpira. Munthu amene ankadziwa ofusayidi ali chogona, tsopano ankayankhula yekha ngati wasokonekera.

"Anayamba ndi kukondwera, zimenezo ndinaziona ndi maso anga. Anatsiriza ndi manyazi, zimenezonso ndikuvomera. Nanga jezi inakwera ali pati? Munthu amasiya kukondwa pa phazi lachingati?"

Akatero ankatsegulanso kabuku, kuwerenga ndi chala, kutseka.

"Wa Nkhwazi uja anadya mphindi zitatu ndi nsapato kukhutu, ine ndinangomukusa. Uyu wabisa nkhope kwa apongozi ake, kabuku kakuti ndimulange. Kodi amene analemba zimenezi, kwawoko kulibe apongozi?"

Ndinati, "Ndiye ng'ambani kabukuko."

Anandiyang'ana ngati ndanena kuti ang'ambe Masalimo.

"Amake Loyce, ndikalemba kuti unali ulemu, a kwa Kabwinja adzati khoswe wakhala pamkhate. Mawa aliyense wovula jezi adzanena kuti anaona apongozi ake m'gulu la anthu. Nanga Andireya ndidzamuyang'ana bwanji, ine ndinamutulutsa osamumvera n'komwe?"

"Dzina lanu ndi mdzukulu wanu, chachikulu n'chiti?"

Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya, nthawi yaitali.

Kunjaku mudzi unagawanika, osati pawiri, koma pasanu. Pachitsime ena ankati mwana wamwambo ngati Isake sanaonekenso. A Lidia, oyandikana nafe, amvekere, "Ulemu wanji umenewo? Kubisa nkhope n'kuonetsa apongozi mimba yonse ndi mchombo womwe? Ameneyo anafunika makhadi atatu!" Anyamata a kwa Kabwinja ankati ngati sankakondwerera ndiye kuti chigolicho sanachivomereze mwiniwake, achichotse. Ena ankati mlandu ndi wanga, ati munthu wamkulu sakhala pakona. Wina anafika pofunsa kuti chulucho anachisiyiranji pamenepo. Ine pomva zonsezi mutu unkazungulira. M'mawa ndinkadzuka ndikuti amuna anga alakwa, masana ndikuti kabuku ndi kolakwa, pofika madzulo ndikuti Isake yemweyo, anathamangiranji kukona ngati kulibe kwina.

Lachitatu tinamva kuti Samueli wometa pamsika anajambula zonse pafoni. Tinapita tonse awiri. Mu vidiyomo munali thambo, chala cha Samueli, mbuzi ya munthu wina, mawu a Samueli akukuwa ngati wapsa, kenaka miyendo ya Isake ili m'mwamba m'ngalande. A Solomoni anaonera kasanu ndi kamodzi, n'kuthokoza mwaulemu, tinabwerera.

Lachinayi komiti inakhala pansi pa mtengo kuseri kwa chigayo, a Gabriel atazimitsa injini kuti timvane. Anthu anadzaza ngati pamaliro. Anandiitana ine monga mboni, poti ndine ndinali pafupi kuposa aliyense.

"Mayi Katsache, tiuzeni chimene munaona."

"Ndinaona m'kati mwa chitenje changa."

Anthu anaseka mpaka a Gabriel anachita kumenya tebulo. Kenaka a Solomoni anaimirira ndi pepala lawo. Anawerenga pang'onopang'ono, ngati mmene amawerengera mawu kutchalitchi.

"Nambala naini wa Mavu anachinya kutatsala mphindi zisanu, anathamanga mokondwera, ndipo anaphimba mutu ndi jezi. Ngati pa nthawi yophimbayo anali akukondwera kapena akuchita manyazi, ine sindikudziwa, ndipo sindingalembe chimene sindikuchidziwa. Chimene maso anga anaona ndi chimene lamulo limaletsa. Khadi ikhale. Ngati lamuloli n'lachilungamo, sindikudziwanso, ndalitumikira zaka zonsezi osalifunsa. Koma wosewerayu sakanabisa nkhope akanakhala kuti analandiridwa pakhomo panga nthawi yake itakwana. Olakwa ndine ndi mkazi wanga. Ife sitili pa mndandanda wa osewera, choncho ndilibe khadi yotipatsa."

Palibe anaseka. Maso onse anali pa ine. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo. Pamaso pa anthu, abale! Pamaso pa a Lidia! Ndipo musanamizike ndi "ndine ndi mkazi wanga" uja, anadziika patsogolo mwaulemu chabe, aliyense anadziwa amene akunenedwa. Njira yonse yobwerera sindinawalankhule. Ndinakonza mawu oti ndikawatsanulire tikafika, mawu abwinoabwino, ena a chaka cha ndowa chomwe.

Koma titafika tinapeza Loyce atamanga kale zofunda m'chitenje. Anati, "Amayi, ine ndinyamuka Lamulungu tikaweruka kutchalitchi." Sananene mokalipa ayi, zikanakhala bwino akanakalipa. Tikondwe anali atakhala pamtolopo, atakumbatira kasupuni kake kamene amadyera phala kwa ine. Mawu anga onse aja anauma. Ndinakhala pakhonde n'kumaganiza: khadi yakhala, fainolo yapita, amuna anga sasintha. Chatsala n'chiyani chimene munthu angachite? Ndinazungulirazungulira, ndipo kulikonse ndinkakathera pa nkhuku. Zengerezu adalinda kwawukwawu, akuluakulu sananame.

Lachisanu m'mawa ndinathamangitsa tambala wanga wofiira, amene ndinkasungira Khirisimasi. Anandizunguliritsa khola katatu. A Solomoni anatuluka, anamutsekereza pakona ya nkhokwe ngati goloboyi, n'kundipatsa. Anafuna kundiperekeza, ndinakana.

"Inu mwalemba kale zanu. Izi n'zanga."

Ndinakwera njinga yamoto ya kabaza, tambala pamiyendo, fumbi m'mano. Mapiri a Ntchisi ndinawasiya ndili mtsikana, ndinali nditaiwala kuti msewu wake umakwera ngati ukupita kumwamba. Pamene njinga inalephera ndinatsika, n'kuyenda pansi kudutsa m'minda ya mbatatesi, kufunsa njira kawiri. Dzuwa lili pamutu ndinafika.

Isake ndinamupeza kuseri kwa nyumba ya mayi ake akuumba njerwa. Zinali zitandandalika kale bwalo lonse, ndipo pambali anali atalemba pansi malo a nyumba, zipinda ziwiri. Munthuyu sankaopseza ayi, ankamangadi.

Atandiona anaponya chikombole, n'kuyang'ana uku ndi uku kofuna kuthawira. Chimanga anali atakolola, kunalibe kolowa. Anatola thumba n'kudziphimba paphewa, n'kuima chondifulatira. Msana womwe uja.

Mayi ake anatuluka, kundiyalira mphasa, kuitana a Yosefe. Titapatsana moni ndinati sindinabwerere iwo. Ndinadzuka ndi tambala wanga, n'kuyenda mpaka ndinaima pambuyo pa mkamwini wanga.

"Abambo a Tikondwe."

Mawuwo anatuluka ngati a munthu wina. Iye anangouma.

"Ndabwera ndi nkhuku yanu. Yachedwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo wochedwetsa ndine. Mwaswera bwanji?"

Tambala ankangodandaula m'manja mwanga. Kenaka, akuyang'anabe kuphiri, anati, "Ndaswera bwino, amayi. Kaya inu?"

Aka kanali koyamba kumva mawu ake pafupi. Ndinkayesa ndi aakulu, okalipa. Anali ofewa.

Ndinati, "Fainolo sindinabwere nayo. Khadi yakhala, mawa simusewera."

"Ndamva kale, amayi. Abambo sakanalemba zina, ndimawadziwa. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima." Anapuma pang'ono. "Khadi sinandipweteke kwambiri. Chinandipweteka n'chakuti tsiku limene ndachinya chigoli chachikulu m'moyo wanga wonse, ndinachita kubisala ngati wakuba. Ndinadzifunsa kuti kodi ndidzabisala mpaka imvi?"

Ankanena zoona. Ndiye ndinafunsa funso limene linasowetsa mtendere mudzi wonse.

"Tandiuzani chinthu chimodzi, apongozi anu aamuna atsala pang'ono kupenga nacho. Pamene munkakoka jezi paja, munkakondwera kapena munkandithawa?"

"Inenso ndakhala ndikudzifunsa, amayi. Miyendo inkakondwera, manja ankachita manyazi. Sindikudziwa."

"Ha! Ndiye ngakhale mwiniwake sakudziwa?"

"Sindikudziwa ndithu. Koma amayi, chigolicho munachiona? Ndinamenya ndi lamanzere, mpira usanagwe pansi."

Ndikanatha kunama. Koma ndinali nditanama zokwanira, za chitopa ndi zokolola.

"Sindinachione, mwana wanga. Ndinali kuyang'ana amuna anga ndi kabudula wawo uja."

Mapewa ake anayamba kugwedezeka. Anayesa kudzigwira, zinakanika, anaphulika kuseka, ndipo m'kusekamo anaiwala, anatembenuka. Ndinamuyang'ana kumaso, pafupi, koyamba. Patsaya lamanzere panali kadzenje.

Mayo! Zaka zisanu ndi chimodzi ndikunamizira malemu mayi anga. Mwana ndimamukonda kuposa moyo wanga uja, chimene ndinkachikonda kwambiri pankhope yake chinali cha munthu amene ndinkamuthawa. Ndinalira, ine Manesi, pamaso pa mkamwini, tambala ali m'khwapa. Isake anasokonezeka, anagwada, analandira nkhukuyo ndi manja amatope, osadziwa ayang'ane ine kapena pansi. Mayi ake anaimba nthungululu. A Yosefe anafunsa kuti nanga njerwazi zitani, Isake n'kuti amangire khola la mbuzi.

Loweruka ndinakhalanso pachulu chomwe chija, nsungwi ataika ina. Kumanja kwanga kunali Isake, Tikondwe pakati pathu, Loyce kumbuyo, miphika atabwezera pamalo. Isake anayesa kundiphunzitsa ofusayidi katatu, mpaka lero sindiidziwa. Mavu anagonja 1-0. Kawiri konse mpira unadutsa pakamwa pa golo popanda woukankha, ndipo nthawi zonse ziwiri mwendo wamanzere wa Isake unagwedezeka wokha, n'kundimenya pabondo. Sanadandaule. Ine ndiye ndinamva kuwawa, poti ndinadziwa kuti mbuzi ndi chikho zapita ndi nkhuku yanga yochedwa.

A Solomoni ataliza wenzulo yotsiriza sanapite kumene kunali a komiti. Anadutsa bwalo lonse chotsimphina, thukuta lili kamukamu, mpaka pachulu. Anamuyang'ana Isake, Isake anadzuka, anagwirana chanza nthawi yaitali. Ndinaona kuti funso lija likadali pakamwa pawo, ndipo likadalipo mpaka lero, amalifunsa ngakhale tikupalira. Kenaka anapisa dzanja m'thumba la pachifuwa, n'kutulutsa khadi yofiira, yosuluka, m'mphepete mutatha ndi zala. Anaikweza pang'ono kuloza kwa ine.

"Chivundikiro chanu, amake Loyce. Ndamaliza nacho."

Bwalo lonse linakuwa kuti a Katsache atulutsa akazi awo. Isake ndi Tikondwe anaseka mpaka kugwirana, timadzenje tiwiri tsaya limodzimodzi. Ine ndinagwada pachulupo, n'kuilandira ndi manja awiri.